Waldemar Haffkine: Wosunga Mabuku Amene Anadzibaya Katemera wa Kolera

Munthu amene anapanga katemera woyamba wa kolera amene umboni wake unaoneka poyera kuti amateteza anthu sanali dokotala ai. Anali a Waldemar Haffkine, katswiri wa tamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi, amene analowa pa Pasteur Institute mu mzinda wa Paris ngati wothandiza kusunga mabuku cifukwa panalibe malo ena a nchito. Ali ndi zaka 32 anadzibaya okha katemera wa kolera, ndipo asanakwanitse zaka 37 anadzibayanso wa mliri wa makoswe. M'caka ca 1902 anthu 19 anamwalira atalandira katemera wocokera m'nyumba yao yofufuzira, ndipo iwo anacotsedwa pa udindo pa mlandu umene pambuyo pake unapezeka kuti sunali wao.

A Haffkine anabadwa pa 15 March 1860 ku Odessa, mzinda wa m'mbali mwa nyanja umene panthawiyo unali pansi pa ufumu wa Russia ndipo lero uli m'dziko la Ukraine. Banja lao linali la Ciyuda, ndipo atate ao anali amalonda. Maphunziro a sekondale anawacitira ku Berdyansk, ndipo m'caka ca 1879 analowa yunivesite ya ku Odessa kukaphunzira sayansi ya zacilengedwe.

Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi amene anasintha njira ya moyo wao, a Elie Metchnikoff. Awa ndi amene m'caka ca 1882, ali ku Messina m'dziko la Italy, anaona kuti m'thupi muli maselo amene amathamangira pamene palowa cinthu cacilendo, kucizinga ndi kucidya. Zimenezi zinakhala ciyambi ca maphunziro a citetezo ca m'thupi monga akudziwika lero, ndipo zinawapezetsa mphoto ya Nobel m'caka ca 1908. Koma pamene a Haffkine anali kukhala m'kalasi mwao, a Metchnikoff anali akali mphunzitsi wa zinyama cabe, wokonda kuyang'ana tamoyo tosaoneka ndi maso pa makina okuzira zinthu. Wophunzira wao anatengera cizolowezi comweco.

Zaka zimenezo zinali zoopsa kwa Ayuda a ku Russia. Mfumu Alexander II itaphedwa mu March 1881, magulu a anthu anayamba kuthyola nyumba ndi masitolo a Ayuda m'mizinda ya kum'mwera. A Haffkine analowa gulu la acinyamata lodziteteza. Anapwetekedwa poteteza nyumba ina, apolisi anawagwira, ndipo anamasulidwa a Metchnikoff atawalankhulira.

Anatsiriza maphunziro m'caka ca 1883 ndi kuyamba nchito m'nyumba yosungiramo zinyama zophunzirira ku Odessa komweko. Anakhalamo zaka zisanu akufufuza tamoyo ta selo limodzi. Khomo la uphunzitsi wa pa yunivesite linali lotseka kwa Myuda pokhapokha atabatizidwa m'chalichi ca Orthodox. Iwo anakana. M'caka ca 1888 anacoka m'dzikolo kupita ku Geneva, kumene anagwira nchito yothandiza pa maphunziro a kagwiridwe ka nchito ka ziwalo za thupi, ndipo caka cotsatira anatsatira mphunzitsi wao ku Paris.

Pasteur Institute inali itangotsegulidwa mu November 1888. Malo okhawo amene anapezeka anali a m'laibulale, ndipo a Haffkine anawalandira. Masana anali kusamalira mabuku, ndipo nthawi yotsala anali kuithera m'cipinda cofufuzira. Zimene analemba m'caka ca 1890 zinaoneka ngati zakutali kwambiri ndi cipatala. Anafotokoza mabakiteriya amene amalowa ndi kukhala m'kati mwa kamoyo kochedwa Paramecium, ndipo anawapatsa dzina lakuti Holospora limene akali nalo mpaka lero. Anafufuzanso m'mene tizirombo timazolowerera malo atsopano tikamasamutsidwa pang'onopang'ono. Funso laciwirili ndilo linadzakhala maziko a katemera wao, cifukwa kazirombo kamene kangathe kuzolowera kangathenso kulimbitsidwa kapena kufooketsedwa mwadala.

Mwai unabwera pamene a Alexandre Yersin, amene anali kuthandiza a Emile Roux, anacoka kupita ku maiko a kum'mawa m'caka comweco. A Haffkine anatenga malo ao, ndipo anayamba kulimbana ndi kolera.

Kazirombo koyambitsa kolera kanali katadziwika kale. A Robert Koch a ku Germany anakapeza ku Egypt ndi ku Calcutta m'zaka za 1883 ndi 1884. Dokotala wa ku Spain, a Jaime Ferrán, anali atabaya anthu zikwi zambiri ku Valencia m'caka ca 1885 ndi tizirombo tamoyo, koma mphamvu ya katemera wao inali yosinthasintha ndipo akatswiri amene anatumidwa kukaona sanakhutire. Vuto lalikulu linali lakuti nyama za m'nyumba zofufuzira sizidwala kolera monga adwalira munthu, motero kunali kovuta kuyesa ciliconse.

A Haffkine anagwiritsa nchito mbira. Anali kubaya tizirombo m'mimba mwa mbira imodzi, kutenga madzi a m'mimbamo ikadwala, ndi kubaya ina. Anabwereza zimenezi pafupifupi ka 40 mpaka anapeza mtundu waukali kwambiri umene mphamvu yake sinali kusinthanso. Mtundu umenewu ukabayidwa pansi pa khungu unali kuononga mnofu pamalopo. Conco anapanga mtundu wina wofooka polera tizirombo pa kutentha kwa madigiri 39 uku mpweya ukudutsamo, ndipo anapeza kuti nyama imene yayamba yalandira wofookawo imalandira waukali popanda cironda, ndi kukhala yotetezedwa. Katemera wao anakhala wa majekeseni awiri, wofooka poyamba, waukali patapita masiku ocepa.

Pa 18 July 1892 anadzibaya jekeseni yoyamba. Thupi linatentha, mutu unawawa, pamalo pobayapo panatupa, koma zonse zinatha. Analandira yaciwiri, anabayanso anzao atatu ocokera ku Russia amene anadzipereka, ndipo pa 30 July anapereka zotsatira zake ku bungwe la akatswiri a zamoyo ku Paris.

Caka cimeneco kolera inali pacimake. Ku Hamburg inapha anthu oposa 8,000 m'masabata ocepa, ndipo ku Russia inapha oposa 200,000. A Haffkine anapempha kukayesa katemera kwao, koma boma la Russia linakana. Ngakhale akuluakulu a sayansi, kuphatikizapo a Metchnikoff eni ake, anali ndi cikaiko. Funso lao linali lomveka: kolera ndi matenda a m'matumbo, nanga jekeseni ya pansi pa khungu ingateteze bwanji matumbo? Cikaiko cimeneci sicinali ca nsanje cabe, ndipo zaka za pambuyo pake zinasonyeza kuti munali zoona m'menemo.

Amene anatsegula njira anali kazembe wa Britain ku Paris, Lord Dufferin, amene kale anali bwanamkubwa wa India, pamodzi ndi katswiri wa tizirombo wa ku Agra, a Ernest Hankin. Mu March 1893 a Haffkine anafika ku Calcutta.

Caka coyamba cinali cokhumudwitsa. Madokotala ambiri a boma la atsamunda sanali kukhulupirira kuti kolera imayamba ndi kazirombo kamodzi, ndiponso sanaone cifukwa comvera mlendo wa ku Russia amene analibe satifiketi ya udokotala. Katemera anali wa tizirombo tamoyo, motero anafunika kukonzedwa mwatsopano paliponse, ndipo a Haffkine anali kuyenda pa sitima ndi zipangizo zao zonse. Ambiri mwa olandira jekeseni yoyamba sanali kubweranso kudzalandira yaciwiri. Anabaya anthu pafupifupi 23,000 kumpoto kwa India, koma kolera sinafike m'malo amenewo. Ciwerengero cinali cacikulu, koma umboni panalibe, pakuti munthu amene sanakumane ndi matenda sangasonyeze ngati katemera wamuteteza.

Umboni unapezeka mu March 1894, pamene mkulu wa zaumoyo mu mzinda wa Calcutta, a William Simpson, anawaitana ku makomboni a anthu osauka. Kumeneko mabanja ambiri anali kutunga madzi pa dziwe limodzi, kusamba momwemo ndi kucapa momwemo. M'komboni yochedwa Kattal Bagan, imene inali ndi anthu pafupifupi 200, kolera itabuka, a Haffkine anabaya anthu 116. Onse amene anadwala ndi kumwalira pambuyo pake anali a m'gulu losabayidwa.

Ciwerengero cimeneci n'cocepa, koma kufunika kwake kunali m'kayesedwe. Obayidwa ndi osabayidwa anali a nyumba zomwezo, akumwa madzi omwewo ndi kudya m'mbale zomwezo. Kusiyana kwao kunali katemera yekha. A Haffkine anali kulemba dzina la munthu aliyense, nyumba yake ndi tsiku limene anabayidwa, ndi kubwereranso kudzawerenga odwala ndi akufa m'magulu onse awiri. Olemba mbiri ya zacipatala amaika nchito imeneyi pakati pa kuyesa koyambirira kwa katemera kocitidwa mwa kuyerekeza magulu awiri a anthu, njira imene lero katemera aliyense ayenera kudutsamo asanaloledwe.

Anthu a m'makomboni anawakhulupirira pa zifukwa zooneka. Anali kugwira nchito ndi madokotala a ku India komweko, osati Azungu, ndipo anali kudzibaya pamaso pa anthu kuti aone kuti si poizoni. Anali kufika m'mamawa anthu asanapite ku nchito ndi kubweranso madzulo ataweruka.

Anapitiriza m'ndende ya ku Gaya ndi m'minda ya tiyi ya ku Assam. Pano m'pofunika kunena kuti ngakhale anali kubaya odzipereka okha, ufulu wa mkaidi kapena wa munthu wa nchito ya m'munda wa Mzungu wokana zimene akuluakulu akufuna unali wocepa, ndipo makomiti a masiku ano oyang'anira kafukufuku akanafunsa mafunso ambiri. Pofika m'caka ca 1895 anali atabaya anthu oposa 40,000. Malungo anawagwira ku Assam, ndipo anabwerera ku Ulaya kukacira. M'lipoti lao sanabise kufooka kwa katemerayo. Analemba kuti amacepetsa kwambiri ciwerengero ca odwala, koma wobayidwa amene wadwalabe amakhala pa ngozi ya imfa yofanana ndi ya wosabayidwa.

Katemera wa kolera wa jekeseni anagwira nchito zaka zambiri, koma citetezo cake cinali ca miyezi yocepa, ndipo m'caka ca 1973 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaleka kumufuna kwa anthu a paulendo. Amene akugwiritsidwa nchito tsopano ndi wakumwa, wa tizirombo takufa, amene amadzutsa citetezo m'matumbo momwemo, monga anali kunenera okaikira aja. Ndiye amene anaperekedwa m'makomboni a Lusaka m'zaka za 2016 ndi 2018, ndiponso mu January 2024 pa mliri umene unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala ndipo masukulu anatsegulidwa mocedwa.

A Haffkine atabwerera ku India anapeza mdani wina. Mu September 1896 mliri wa makoswe unabuka ku Bombay, mzinda umene lero ukuchedwa Mumbai. Kazirombo kake kanali katapezedwa ku Hong Kong m'caka ca 1894 ndi a Yersin omwe aja, koma zakuti utitiri wa makoswe ndiwo umakafalitsa zinadzasonyezedwa m'caka ca 1898 ndi a Paul-Louis Simond. Mankhwala kunalibe. Boma linawatumiza ku Bombay mu October, ndi kuwapatsa kacipinda kamodzi ndi khonde pa Grant Medical College, pamodzi ndi kalaliki mmodzi ndi anchito atatu.

Njira imene anapeza inali yosavuta koma yanzeru. Anaika msuzi wa nyama m'mabotolo akuluakulu ndi kudonthezamo mafuta a mkaka ochedwa ghee amene amwenye amaphikira. Tizirombo tinali kugwirira pa madontho a mafuta oyandamawo ndi kukula molendewera pansi ngati ulusi. Botolo likagwedezedwa ulusiwo unali kugwera pansi ndipo wina unali kumeranso. Patapita masabata angapo anali kupha tizirombo tonse ndi kutentha, ndi kuthiramo asidi wochedwa carbolic kuti musamere cina ciliconse. Uyu anali katemera wa tizirombo takufa, wa jekeseni imodzi, wotha kutumizidwa kutali m'mabotolo.

Pa 10 January 1897, patangopita miyezi itatu, anadzibaya mlingo woposa katatu umene anafuna kupatsa anthu. Thupi linatentha kwambiri koma anacira. Kumapeto kwa mwezi womwewo mliri unalowa m'ndende ya Byculla. Akaidi 147 anavomera kubayidwa ndipo 172 sanabayidwe. Mwa osabayidwa anadwala 12 ndi kumwalira 6. Mwa obayidwa anadwala awiri ndipo palibe amene anamwalira.

Panthawiyo boma la atsamunda linali kulimbana ndi mliriwo mwa nkhanza. Asilikali anali kulowa m'nyumba kufunafuna odwala, kutentha katundu ndi kutengera anthu ku misasa mokakamiza. Mkwiyo unakula kotero kuti mu June 1897 mkulu woyang'anira za mliri ku Poona, a Walter Rand, anaomberedwa ndi mfuti. A Haffkine anali kulimbikitsa katemera wolandira mwa kufuna m'malo mwa cikakamizo. Mtsogoleri wa Asilamu a gulu la Ismaili, Aga Khan, anabayidwa poyera, anauza anthu ake zikwi zambiri kucita cimodzimodzi, ndipo anapereka nyumba yake ina kuti ikhale yofufuziramo. Mfumukazi Victoria inawapatsa ulemu wa boma m'caka comweco. M'caka ca 1899 nchito inasamukira ku nyumba yaikulu ya boma ku Parel, ndipo m'caka ca 1901 anaikidwa kukhala mkulu wa malowo.

Ndiye kunabwera Mulkowal. Pa 30 October 1902, m'mudzi umenewu wa m'cigawo ca Punjab, anthu 107 anabayidwa katemera wa mliri wa makoswe. Mwa iwo, 19 anadwala kafumbata ndi kumwalira. Onse 19 anabayidwa kucokera m'botolo limodzi, la nambala 53N, ndipo ena 88 amene analandira wa m'mabotolo ena sanaone vuto.

Komiti imene boma linakhazikitsa inapeza kuti a Haffkine anali atasintha kapangidwe. Cifukwa ca kuculuka kwa ofuna katemera, analeka kuthira carbolic ndi kudalira kutentha kokha, njira imene inali kugwiritsidwa nchito ku Pasteur Institute. Komitiyo inagamula kuti botololo linadetsedwa ku Bombay. Anaimitsidwa nchito, ndipo m'caka ca 1904 anacoka mu India.

Boma linasunga zikalata za mlanduwo zaka zinai. Zitatuluka, zinaonetsa zimene komiti sinazipatse kulemera. Wothandiza amene anatsegula botololo ku Mulkowal anagwetsa pansi kacitsulo kotsegulira, ndipo sanakatenthe pa moto monga mwa lamulo asanacotsere cotsekera. Tizirombo ta kafumbata timakhala m'dothi. Ndiponso dokotala amene anali pamalopo ananunkhiza botolo potsegula ndipo sanamve fungo, pamene tizirombo ta kafumbata tikanakhala titakula m'menemo kwa masabata angapo kucokera ku Bombay, fungo lake silikanabisika.

A Simpson, amene anagwira nao nchito ku Calcutta, anayamba kulemba makalata owateteza. A Ronald Ross, amene anapeza kuti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo ndi kulandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1902, analowapo mwamphamvu. Anacenjeza kuti ngati boma lisiya anthu kukhulupirira kuti botolo linacoka lodetsedwa m'nyumba yofufuzira, anthu adzaopa katemera pa nthawi imene mliri unali kupha zikwi makumi ambiri pa sabata. Pa 29 July 1907 nyuzipepala ya The Times ya ku London inasindikiza kalata yosainidwa ndi akatswiri khumi, kuphatikizapo a Ross ndi a Simon Flexner a ku New York, yonena kuti mlanduwo unalibe umboni. Ena anayerekeza nkhaniyi ndi ya Alfred Dreyfus, msilikali wa Ciyuda amene anamangidwa pa mlandu wabodza ku France. Kaya tsankho linali lalikulu motani, n'zoonekeratu kuti mlendo wopanda udokotala, wolamulira madokotala a usilikali a Britain, anali wosavuta kumusenzetsa colakwa.

Mu November 1907 boma linawayeretsa. Anabwerera ku India, koma osati ku Bombay. Anapatsidwa nyumba yofufuzira ya ku Calcutta, kumene sanaloledwe kuyesa katemera pa anthu. Anali ndi zaka 47 cabe, koma nchito yao yaikulu inathera pamenepo. Katemera wao anapitiriza kutuluka ku Parel popanda iwo, ndipo pakati pa 1897 ndi 1925 milingo yokwana 26 miliyoni inatumizidwa kucokera kumeneko. Ngakhale zinali conco, mliriwo unapha anthu oposa 10 miliyoni mu India. Matenda amenewa sanathe pa dziko. Muno m'Zambia anaonekanso m'boma la Nyimba m'caka ca 2015, koma lero amaciritsika ndi mankhwala opha mabakiteriya ngati wodwala wafika msanga ku cipatala.

A Haffkine anapuma pa nchito atafika zaka 55 ndi kukakhala ku France. Sanakwatire. Zaka zao zotsiriza anazipereka ku cipembedzo ca Ciyuda, ndipo m'caka ca 1929 anaika cuma cao m'thumba lothandiza masukulu a cipembedzoco kum'mawa kwa Ulaya. M'caka ca 1925 boma la Bombay linasintha dzina la nyumba ya ku Parel, imene anacotsedwamo, kukhala Haffkine Institute, ndipo ikali kuchedwa ndi dzina limeneli. Anamwalira ku Lausanne m'dziko la Switzerland pa 26 October 1930, ali ndi zaka 70.